NDEGE ZIMENE ZIMADUTSA PAMWAMBA PATHU

Mwana wa ku Tsangano amaidziwa ndege asanaionepo pafupi. Kukayera bwino nthawi ya cisanu, pamene tili m'minda kukumba mbatatesi kapena kumweta tirigu, timaona kanthu kong'anima kakuyenda kumwamba kweni-kweni, kakusiya mzere woyera m'mbuyo mwake. Ana amataya makasu nayamba kukuwa kuti, "Ndege! Ndege!" Koma tikayang'ana akulu-akulu ena, makamaka a zaka 65 kapena kuposerapo, tiona kuti iwo sakweza maso. Ena amangoti zii mpaka mkokomo utatha. Cinthu cake ndi cimodzi comweco, koma mdzukulu akusekera pamene agogo ace mtima uli m'mwamba.

M'nkhani ino tifuna kufotokoza kumene ndege inacokera, m'mene inafikira kuno kwathu, cimene inacita kwa makolo athu, ndiponso m'mene imaulukira. Tifotokozanso za tsiku limene tinatenga banja lathu kukaiona pafupi pa bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete.

Anaiyamba ndi okonza njinga

Ambiri timaganiza kuti ndege inapangidwa ndi boma lalikulu kapena anthu a cuma cambiri. Ai ndithu. Anaiyamba ndi abale awiri a ku America, Wilbur ndi Orville Wright, ana a bishopu wa mpingo wina, amene nchito yao inali kupanga ndi kukonza njinga za kapalasa. Pa 17 Disembala 1903, pa malo a mcenga pafupi ndi Kitty Hawk, ndege yao ya matabwa ndi nsaru inanyamuka ndi munthu mmodzi. Inakhala m'mwamba masekondi 12 okha, niyenda mamita 37. Bwalo la mpira la pa sukulu yathu ndi lalitali kuposa ulendo umenewo. Amene anaphunzira m'Cipwitikizi adzakumbukanso dzina la Santos-Dumont wa ku Brazil, amene anaulutsa ndege yace pamaso pa khamu la anthu ku Paris mu 1906.

Pali munthu wina amene mbiri yace ikhudza cigawo cathu. Gago Coutinho anali msilikali wa pamadzi wa Apwitikizi, katswiri woyeza malo poyang'ana nyenyezi. Mu 1904 ndi 1905 anayenda pansi kuno ku Tete akuyeza malire a dziko. Nzeru yomweyo yodziwa pamene waima poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi anaitengera m'ndege. Mu 1922 iye ndi mnzace Sacadura Cabral anauluka kucokera ku Lisboa kufika ku Rio de Janeiro, kuoloka nyanja yaikulu ya Atlantic. Ananyamuka pa 30 Malici, nafika pa 17 Juni, ndege ziwiri zitaonongeka m'njira, yacitatu ndiyo inawafikitsa. N'cifukwa cace bwalo la ndege la ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, linkachedwa ndi dzina lace nthawi ya atsamunda.

Kufika kwace kumaiko athu ano

Mu 1920 anthu awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, anayamba kuuluka kucokera ku London kupita ku Cape Town. Anadutsira ca kumadzulo kwathu, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo ndege yao inagwa ku Bulawayo, namalizira ulendo ndi ina.

Kuno ku Mozambique boma la atsamunda linakhazikitsa kampani ya ndege yochedwa DETA mu 1936, ndipo inayamba kunyamula anthu mu Disembala 1937. Ndiyo imene inasanduka LAM mu 1980, ufulu utabwera. M'caka comweco ca 1937 ndege zazikulu za Angerezi zotera pamadzi zinayamba kuima ku Lumbo, ku Beira ndi ku Lourenço Marques pa ulendo wa ku Durban. Ndege za mtundu umenewu zinateranso pa nyanja ya Malawi, ku Cape Maclear, mu 1949 ndi 1950. Anansi athu a ku Malawi anakhala ndi Air Malawi kuyambira 1964 mpaka 2013, ndipo bwalo lao lalikulu la ku Lumbadzi, pafupi ndi Lilongwe, linatsegulidwa mu 1983.

Koma ndege zonsezi zinali za azungu, akulu a boma ndi amalonda. Munthu wa kumudzi anakwera ndege koyamba pa cifukwa cina.

Ndege za Wenela

Funsani agogo a m'midzi ya m'malire muno kuti, "Kodi m'banja mwathu anayamba kukwera ndege ndani?" Kawiri-kawiri yankho silikhala mphunzitsi kapena mbusa. Limakhala munthu wosadziwa kulemba ngakhale dzina lace, amene anadinda cala pa pepala la Wenela napita ku Joni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 bungwe la Wenela, limene linkalemba anthu a nchito ya m'migodi ya golide, linali ndi ndege zace-zace. Zinkatenga amuna ku Nyasaland kukawatsitsa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kucokera kumeneko ankakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Malire a pakati pa ife ndi Ntcheu kapena Dedza anadutsa pakati pa mabanja. Malume kuno, mphwao uko. Cotero akulu-akulu amasimba kuti anyamata ena a kuno ankangooloka, nachula mudzi wa abale ao wa tsidya ilo, nalembedwa pamodzi ndi Anyasa. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, amuna ocokera ku Malawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inanyamuka ku Francistown kubwera ku Blantyre, itadzaza amuna omaliza kontrakiti, mabokosi ao ali ndi mabulangeti ndi nsaru za akazi ao. Itangonyamuka injini zinayamba kutentha, niigwa isanapite patali, niyaka moto. Mwa anthu 84, anafa 78, ndipo oposa 70 anali a m'migodi obwerera kwao. Ofufuza anapeza kuti petulo wa ndegeyo anasakanizika ndi mafuta a ndege za jeti, amene ali ngati parafini. Pulezidenti Kamuzu Banda analetsa Wenela nthawi yomweyo. Kulemba anthu kunayambanso mu 1977 pa dzina la TEBA, koma sikunafikenso pa ciwerengero cakale, ndipo kunatheratu mu 1988.

Ndege za nkhondo

Ulendo waciwiri umene ndege inalowa m'moyo wa anthu athu, inabwera ndi moto. Nkhondo ya ufulu itakula m'cigawo ca Tete kuyambira 1968, Apwitikizi anasandutsa bwalo la Chingodzi kukhala malo a ndege zao za nkhondo, ndipo ku Furancungo, likulu la Macanga, kunali bwalo lina laling'ono la asilikali. Anthu a m'midzi anaphunzira kusiyanitsa mikokomo: uwu ndi wa ndege yozonda, uwu ndi wa yoponya mabomba, uwu ndi wa helikopita yotsitsa matropa. Amai ankazima moto usana kuti utsi usaoneke, nabisa nsaru zoyera. Pa 16 Disembala 1972 ndege ndi mahelikopita zinafika pa midzi ya Wiriyamu, kumwera kwa mzinda wa Tete, ndipo asilikali anapha anthu mazana, akazi ndi ana omwe. Nkhaniyo inamveka dziko lonse mu 1973 pamene wansembe Adrian Hastings anailemba m'nyuzipepala ya The Times ku London. Nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inadzapepesa ku Maputo mu 2022, patapita zaka 50.

Itatha imeneyo inabwera nkhondo ya zaka 16, imene inathamangitsira ambiri a ife ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Mwanza tili ana, mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992. Cotero tikaona agogo akuweramitsa mutu ndege ikamadutsa, tisawaseke. Thupi lao likukumbuka cimene pakamwa pao sipananenebe.

Tsiku la ku Chingodzi

Pa chuthi ca ana tinali ndi msonkhano wa mpingo ku Tete, ndipo tinaganiza zotenga amai a kunyumba, ana athu atatu ndi agogo ao aamuna, bambo otibala ife. Tinanyamuka mamawa titavala majuzi, koma potsika mapiri kulowa ku Moatize majuzi onse anali m'thumba, ana akupempha madzi. Bwalo la Chingodzi lili tsidya lino la Zambezi, pa mseu wocokera ku Moatize, musanafike pa mlatho wolowera mumzinda. Wocokera kwathu safunika kuoloka mtsinje waukuluwo kuti alione.

Tinapempha kwa mlonda, natisonyeza pamene operekeza alendo amaima. Tinadikira nthawi ndithu, pakuti ndege za ku Tete si zambiri ngati macapa a pa mseu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka mwana wathu wamkazi, amene ali ndi maso akuthwa, anati, "Ababa, taonani nyenyezi usana!" Inali nyali ya ndege, ikali kutali. Inakula pang'ono-pang'ono, miyendo yace ili lende, ndipo matayala atakhudza pansi panatuluka kautsi. Kenaka injini zinabangula kwambiri, ndege ikucepetsa liwiro.

Pamenepo tinaona kuti agogo akhala pansi, cipewa cili m'manja. Mdzukulu wao wamng'ono anawagwira dzanja nati, "Agogo, dzukani muone, mukutuluka anthu." Anadzuka. M'ndegemo munatuluka mai wobereka mwana kumbuyo, mnyamata wonyamula cikwama ca sukulu, ndi nkhalamba ina yoyenda ndi ndodo, wanchito wa pabwalo ataigwira mkono. Agogo anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Kodi ndi pano pamene zinkacokera zija?" Tinati, "Ndi pomwe pano, ababa." Iwo anati, "Ndiye lero zikutsitsa azimai ndi ana." Madzulo a tsiku limenelo, tili pa mphasa kwa abale amene anatilandira, anayamba kusimbira adzukulu ao za caka cimene anagona m'phanga milungu iwiri, ndi maina a anthu amene anali nao. Ife ana ao tinakula osaimva nkhani imeneyo. Mwana wathu wamkulu anailemba m'kope lace la sukulu.

Cimainyamula n'ciani?

Funso limene ana anafunsa kwambiri ndi lakuti, citsulo colemera kuposa malole angapo cingayandame bwanji pa mphepo? Yesani izi. Mukakwera galimoto yothamanga, tambasulani cikhatho pa zenera mosamala, ndi kupendeketsa pang'ono mbali ya kutsogolo kuloza kumwamba. Mudzamva dzanja likukankhidwira m'mwamba. Cikhatho cikukankhira mphepo pansi, ndipo mphepo ikubwezera pokankhira cikhatho kumwamba. Phiko la ndege limacita comweco. Linapangidwa lokhota pamwamba ndi lopendekeka pang'ono, kotero kuti mphepo yodutsa pamenepo imapotokera pansi. Pamwamba pa phiko mpweya umapanikiza pang'ono, pansi pace umapanikiza kwambiri, ndipo ndege imakwera.

Koma zimenezi zimacitika pokha-pokha ngati mphepo ikudutsa pa phiko mwa liwiro. Imeneyo ndiyo nchito ya injini. Injini ya jeti imameza mpweya kutsogolo, kuupanikiza, kuuthira mafuta ndi kuuyatsa, ndipo mpweya wotenthawo potuluka kumbuyo umazunguza cipupa cacikulu ca kutsogolo ndi kukankha ndege. Ndege yonyamula anthu imathamanga pansi mpaka pafupi-fupi makilomita 250 pa ola isananyamuke. Ikafika kumwamba, pa mtunda wa makilomita 10 kapena 11 kucokera pansi, imayenda makilomita oposa 800 pa ola.

Pa bwalo mudzaona cithumba cansaru copacikidwa pa mtengo, cikuuluzika. Cimenecija cimauza woyendetsa kumene mphepo ikucokera, pakuti ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo. Taonani khwangwala kapena kabawi pouluka pa mtengo: nayenso amayamba watembenukira kumene mphepo ikucokera. Kutentha nakonso kuli ndi mbali yace. Mpweya wotentha ndi wopepuka, sugwira phiko mwamphamvu, cotero masana a Okotobala ku Tete ndege imafuna mtunda wautali wothamangapo kuposa m'mamawa. Mpweya wa pamapiri ngati kwathu kuno nawonso ndi wopepuka cifukwa ca kukwera kwa malo, ngakhale kuli kozizira.

Nanga mzere woyera uja? Si utsi wa moto ai, ndiponso si mankhwala oletsa mvula monga ena amanenera pa msika. Kumwamba kumene ndege zimayenda kumazizira kufika madigiri 50 pansi pa ziro. Mafuta akapsa amatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo nthunziyo ikakumana ndi cisanu cotere imauma kukhala timadzi toundana. N'cimodzi-modzi ndi nthunzi imene imatuluka m'kamwa mwathu m'mamawa wa Juni kuno ku Tsangano.

Ndege imawerengeka

Kwa inu a m'makalasi a sukulu ya kwaca, bwalo la ndege ndi buku lotsegula. Ndege iliyonse ili ndi zilembo ca kumcira, monga nambala ya galimoto, ndipo zoyamba zimanena dziko lace. C9 ndi Mozambique, 7Q ndi Malawi, 9J ndi Zambia, Z ndi Zimbabwe, ZS ndi South Africa, ET ndi Ethiopia. Mabwalo naonso ali ndi zilembo zitatu zimene zimalembedwa pa tikiti ndi pa katundu: TET ndi Tete, BEW ndi Beira, MPM ndi Maputo, BLZ ndi Blantyre, LLW ndi Lilongwe. Nthawi imalembedwa mwa maola 24. Mukaona 14:30 ndiye kuti hafu pasiti 2 masana. Amai a kunyumba, amene amaphunzitsa kalasi ya azimai pa mpingo, analemba zonsezi, ndipo Lacitatu lotsatira phunziro la kalasi linali kuwerenga tikiti.

Tikumbuke amuna a Wenela aja. Anauluka makilomita mazana-mazana osatha kuwerenga pepala limene anadindapo cala, osadziwa malipiro amene analembedwapo kapena cimene banja lidzalandira iwo akafa. Lero ana athu akupitanso ku Joni, ena ku maiko a Aluya kukagwira nchito za m'nyumba. Wodziwa kuwerenga amayamba waona dzina la dziko, tsiku lobwerera ndi mau a kontrakiti asanapereke pasipoti yace m'manja mwa munthu.

Maliro amene ndege inatibweretsera

Sitingabise kuti ndege yatiliritsa ngakhale pa nthawi yopanda mabomba. Pa 19 Okotobala 1986 Pulezidenti Samora Machel, pocokera ku msonkhano ku Mbala m'dziko la Zambia, anafa pamodzi ndi anthu ena 34 ndege yace itagunda phiri ku Mbuzini, m'malire a South Africa. Mpaka lero anthu sagwirizana za cimene cinaisoceretsa. Pamalopo anaimikapo mipope 35 yacitsulo imene imalira mphepo ikaomba. Pa 29 Novembala 2013 ndege ya LAM yopita ku Luanda inagwa ku Namibia, nafa anthu 33. Pa 10 Juni 2024 waciwiri kwa pulezidenti wa Malawi, Saulos Chilima, anafa ndi anthu ena 8 m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anaikidwa ku Nsipe m'boma la Ntcheu, kufupi ndi ife.

Ngozi za ndege zimamveka patali cifukwa zimatenga anthu ambiri nthawi imodzi, koma sizicitika kawiri-kawiri. Amene amafa pa miseu yathu caka ndi caka ndi oculuka kutali-tali. Ndege zonyamula anthu ambiri zili ndi makina osunga mau a oyendetsa ndi mayendedwe onse. Amawachula bokosi lakuda, ngakhale mtundu wace ndi wa lalanje kuti lioneke msanga m'zidutswa. Ngozi ikacitika amalitsegula, napeza colakwa, nasintha malamulo. Ndipo ndege yomweyo yapulumutsa ambiri: mu Malici 2019, namondwe wa Idai atamiza dera la Beira ndi Buzi, mahelikopita ndiwo anatsitsa anthu m'mitengo ndi pamadenga.

Kwa ofuna kupita

Kuona ndege sikulira tikiti. Ngati muli ndi ulendo wa ku Tete, ku Blantyre kumene kuli bwalo la Chileka, kapena ku Lilongwe, patulani maola awiri. Yambani mwafunsa tsiku ndi nthawi imene ndege ifika, pakuti zimasintha. Tengani citupa canu, madzi akumwa ndi zipewa za ana. Pemphani kwa alonda pamene mungaime, ndipo musajambule kapena kuyandikira mpanda musanaloledwe. Musataye zotsala za cakudya, cifukwa zimaitana mbalame, ndipo mbalame ikalowa m'injini ingathe kugwetsa ndege. Mwana wamng'ono mutsekeni makutu injini zikamabangula. Ngati agogo ali ndi mphamvu, atengeni, koma muwauziretu cimene akaone ndi kumva, ndipo akakana musawakakamize.

Pomaliza tipempha aphunzitsi a makalasi onse a m'Tsangano ndi Macanga kuti mwezi uno wophunzira aliyense afunse wamkulu mmodzi mafunso atatu awa: Munaona ndege koyamba liti, ndipo munali kuti? M'mudzi muno anakwera ndege ya Wenela ndani, ndipo anabwerako? Nthawi ya nkhondo, ndege ikamveka munkathawira kuti? Lembani mayankho m'mau ao omwe, ndi dzina la mudzi ndi caka ngati acikumbuka, ndipo muwafunse ngati alola kuti zisindikizidwe. Perekani makalatawo kwa abusa kapena akulu a mpingo a kwanuko kuti atifikitsire. Amene anakwera ndege za Wenela atsala owerengeka, ndipo ambiri a iwo apitirira zaka 70. Musadikire kukolola.